Fainolo ya rugby ya Premiership ya 2024: Northampton 25, Bath 21. Kodi khadi la Obano ndilo linagamula?

Zokambirana za otsatira rugby mu June 2024, fainoloyo itangotha.

Chisale:
Abale anzanga, Loweruka pa 8 June 2024 ku Twickenham Northampton Saints yatenga chikho cha Premiership, ligi yaikulu ya rugby ku England, pogonjetsa Bath 25-21, koyamba chichokereni mu 2014. Aliyense akungokamba za khadi lofiira la Beno Obano, prop (wosewera wa mzere wakutsogolo) wa Bath, amene anatulutsidwa mphindi zitangopitirira 20 chifukwa phewa lake linagunda mutu wa Juarno Augustus, number 8 wa Saints. Tisanagamule, tiyeni tione kaye mmene mapointi anayendera.

Khadi lisanatuluke zinali 3-3, penate ya Finn Russell wa Bath ndi drop goal (kumenyera mpira pagolo utangodunda pansi) ya Fin Smith wa Saints. Obano atangotuluka, Tommy Freeman wa Saints anagoletsa try (kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa golo la mdani), Smith n'kumenya conversion (kumenyera mpira pagolo try ikagoletsedwa), posakhalitsa Ollie Sleightholme n'kugoletsa ina, 15-3. Thomas du Toit wa Bath anabweza imodzi, Russell n'kumenya conversion, popita kopuma zinali 15-10. Chigawo chachiwiri Russell penate, Smith penate, 18-13. Will Muir wa Bath try, 18-18. Russell penate ina, Bath patsogolo 21-18. Kutatsala mphindi zosakwana 10, George Hendy wa Saints anaboola, Alex Mitchell n'kutsiriza try, George Furbank n'kuwonjezera awiri, 25-21.

Tawerengani. Kuchokera pa 15-3 mpaka wezulo yomaliza, timu ya anthu 14 inapeza mapointi 18, ya anthu 15 inapeza 10. Ndiye ine ndikuti Bath sinaluze chifukwa chosewera pafupifupi ola lathunthu ili yoperewera. Inaluza m'mphindi zochepa zija khadi litangotuluka, isanagawanenso ntchito pa mzere wotchinga. Mapointi 12 amenewo ndi amene sanabwezeke.

Mbewe:
A Chisale, masamu anuwo ndi oona koma akubisa kutopa. Anthu 14 akamagwira ntchito ya anthu 15 kwa mphindi pafupifupi 60, ngongole yake imabwera kumapeto. Hendy anadutsa anthu amene pa mphindi 30 akanamugwetsa mosavuta. Try ya Mitchell nayonso ndi mwana wa khadi lomwelo, inangochedwa kubadwa.

Ndipo khadilo ine sindinagwirizane nalo. Obano anawerama m'chiuno, manja anali okonzeka kukumbatira, Augustus nayenso anatsika pofuna kugunda. Lachikasu linali lokwanira.

Nabanda:
Achimwene a Mbewe, tiyeni tiyende mmene woyimbira amayendera, chifukwa Christophe Ridley sanangogamula ndi mtima. Kuyambira mu 2021 World Rugby ili ndi ndondomeko ya mafunso anayi pa nkhani ya kugundana ndi mutu, ndipo amafunsidwa motsatana.

Loyamba: mutu wagundidwa kodi? Apa palibe wotsutsa. Lachiwiri: wogwetsayo walakwa kodi, kapena sakanatha kupewa? Obano amamuona Augustus akubwera, panalibe womutchinga, anali ndi nthawi yosankha msinkhu. Ndiye kulakwa kulipo. Lachitatu: ngozi yake ndi yaikulu bwanji? Apa amayang'ana ngati phewa lagunda mutu mwachindunji kapena layamba pachifuwa n'kutsetserekera m'mwamba, liwiro lake, ndiponso ngati wogwetsayo akupita kutsogolo ndi mphamvu kapena waima n'kungolandira. Prop amene akuthamangira kutsogolo n'kugunda mutu mwachindunji amayambira pa lofiira. Lachinayi: pali chochepetsa mlandu? Pa nkhani ya kutsika, mawu a ndondomekoyo amafuna kuti wonyamula mpira atsike mwadzidzidzi komanso kwambiri. Zonse ziwiri, osati chimodzi. Number 8 aliyense amatsitsa thupi pang'ono asanagunde, ndipo wogwetsa amayenera kuziyembekezera zimenezo. Kuwerama kwa Augustus kunali kwa masiku onse.

Kuti Obano anawerama m'chiuno ndikuvomera. Vuto lili pa miyendo. Ukawerama m'chiuno mawondo ali owongoka pang'ono, kenako n'kukankha, phewa limakwera nthawi yomwe likugunda. Kuti phewa liyende mopingasa uyenera kupinda mawondo sitepe ziwiri usanafike, phazi lotsogola lilowe pafupi ndi mapazi a mnzako, maso ali pa ntchafu zake, tsaya lako likathere pambali pa chiuno chake. Ukachedwa kutsika, mphamvu yonse imapita m'mwamba ndipo chibwano cha mnzako chili pomwepo.

Mbewe:
Achemwali, ndondomekoyo ndikuidziwa. Chimene chikundiwawa n'chakuti munthu wopanda cholinga choipa alandire chilango chofanana ndi womenya chibakera. Fainolo ya anthu oposa 80,000 m'bwalo isinthidwe ndi masentimita asanu?

Nabanda:
Ubongo wa Augustus sudziwa cholinga cha Obano. N'chifukwa chake cholinga sichili pa mafunso anayi aja ngati chopulumutsira munthu. Chimangolowa mbali inayo: ngati wachita dala, kapena wagunda ndi phewa manja osakumbatira, sangakuchepetsere n'komwe. Kusiyana ndi womenya chibakera kumaoneka ku komiti yolanga, pa masabata amene munthu amaletsedwa kusewera.

Gama:
Ine ndikufuna tikambe za chimene Johann van Graan wa Bath anachita khadi litatuluka, chifukwa pamenepo mpamene mphunzitsi amaonekera. Lamulo limati prop akatulutsidwa, pa scrum yotsatira (pamene akutsogolo a matimu onse awiri amagwirana n'kukankhana kulimbirana mpira) palowe munthu wina wophunzitsidwa kusewera mzere wakutsogolo, ndipo wina aliyense atuluke kuti mukhalebe 14. Analowetsa Juan Schoeman n'kutulutsa Alfie Barbeary. Barbeary ndi amene amanyamula mpira mwamphamvu kuposa onse pa timu ija. Wataya prop, wadzichotseranso number 8. Ine ndikanatulutsa wing.

Kwenda:
A Gama, kutulutsa wing polimbana ndi Northampton ndi kudzipha. Taganizani za bwalo. M'lifupi ndi mamita 70. Timu yokwana imaika anthu 13 pa mzere wotchinga ndi awiri kumbuyo olandira mipira yomenyedwa. Chibwerereni lamulo la 50:22 mu 2021 sungasiye kumbuyo munthu mmodzi yekha, chifukwa mdani akamenya mpira ali m'chigawo chake, n'kudunda, n'kutuluka m'kati mwa 22 yako (mamita 22 oyandikana ndi golo lako), lineout (kuponya mpira m'bwalo kuchokera pa mzere wa m'mbali) ndi yake pakhomo pako. Ndiye awiri kumbuyo ndi okakamiza. Mukakhala 14, pa mzere pamatsala 12. Chotsanipo amene wagwetsa munthu ali pansi, mwatsala 11, ndipo wina akalowa kulimbirana mpira mu ruck (kukankhana pamwamba pa mpira munthu akagwetsedwa) mwatsala 10 pa mamita 70.

Tsopano funso ndi lakuti pa anthu khumiwo mukufuna othamanga angati. Saints amasewera ndi Smith ndi Furbank ngati ogawa mpira awiri, Fraser Dingwall pakati amene manja ake ndi ofulumira, Freeman ndi Sleightholme m'mphepete. Sleightholme ndi amene wagoletsa ma try ambiri mu ligi yonse chaka chino. Mukachotsa Muir kapena Joe Cokanasiga, amene azitchinga m'mphepete ndi flanker, ndipo Matt Gallagher azithamanga yekha kumbuyo konse. Zikanatha 40.

Kutulutsa wa mzere wachitatu wa scrum kumakupwetekani malo amodzi, pa scrum penipeni. Scrum zimakhalapo zowerengeka pa masewero. Ma ruck amakhala oposa 100.

Gama:
Chabwino, koma bwanji Barbeary osati Ted Hill kapena Sam Underhill?

Kwenda:
Hill ndi wodumpha wachitatu pa lineout, pambali pa Charlie Ewels ndi Quinn Roux. Mukamuchotsa mwatsala ndi odumpha awiri, ndipo Courtney Lawes ndi Alex Coles aziwerenga mosavuta kumene mpira ukupita. Timu imene yasankha kumenyera mpira kunja ndi kusewera pa maul (kukankhana chiimire mpira uli m'manja) singataye lineout. Underhill ndiye simungamukhudze n'komwe, ndi amene amagwetsa munthu asanafike pa mzere umene mpira unayambira, ndipo Loweruka anagwira ntchito ya anthu awiri. Barbeary phindu lake lalikulu limaoneka mpira ukakhala m'manja mwanu. Van Graan anadziwa kuti kuyambira pamenepo mpira ukhala m'manja mwa Saints nthawi yambiri. Anasankha anthu a ntchito imene inatsala.

Nangondo:
Ndiwonjezerepo za scrum yeniyeniyo, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi nkhani ya kulemera kokha. Lamulo limalola kuti timu yoperewera ilowe mu scrum ndi anthu asanu ndi awiri, inayo ikhalebe ndi asanu ndi atatu. Njira zilipo ziwiri. Mutha kulowa opanda number 8, kapena kukokera centre kuti aime pa flanker, flanker n'kupita kumbuyo.

Mpira ukakhala wanu, kusowa number 8 ndi vuto la kuwongolera mpira. Hooker (wapakati pa mzere wakutsogolo) akaukokera kumbuyo palibe mapazi ouimitsa, ndiye umayenera kutuluka msanga panjira ya pakati pa lock wakumanzere ndi flanker, scrum-half n'kuutola nthawi yomweyo. Ukachedwa masekondi awiri, asanu ndi atatu aja ayamba kukankha kachiwiri ndipo mukubwerera m'mbuyo mpira uli pansi pa mapazi. Mpira ukakhala wa mdani, vuto ndi mbali yopapatiza. Number 8 wawo akanyamula n'kupita kumeneko ndi scrum-half ndi wing, otchinga ndi flanker mmodzi ndi wing wanu, atatu kulimbana ndi awiri, ndipo osewera akumbuyo onse ali mamita asanu kuchoka pa phazi lomaliza la scrum.

Chimene chinathandiza Bath ndi du Toit. Tighthead ndi amene amanyamula scrum, chifukwa mutu wake uli pakati pa hooker ndi loosehead wa mdani, akukankhidwa mbali zonse ziwiri. Akakhazikika iyeyo, phewa lakumanja osakwera, chiuno osatuluka kunja, scrum ya anthu asanu ndi awiri imatha kupirira masekondi ofunikawo. Du Toit wabwera kuchokera ku Sharks ya ku South Africa mu 2023 momwemu, koma ndi amene wasintha gulu lakutsogolo la Bath. Ndipo amatha kusewera mbali zonse ziwiri, zimene zinapatsa van Graan mpata: Will Stuart anali pa benchi, ndiye panali ma prop atatu ogawana malo awiri kwa ola lathunthu m'malo mwa anayi.

Chisale:
Mayi Nangondo mwafika pamene ndimafuna. Nthawi imene timu ikusintha zonsezi ndi imene Saints anaigwiritsa ntchito. Ma try awiri aja onse anadutsa m'manja mwa Furbank. Iye amabwera mochedwa kumbuyo kwa gulu la osewera akutsogolo, mpira n'kuperekedwa kuseri kwawo. Wotchinga amayenera kusankha: alowe m'kati kugwetsa wakutsogolo amene akuoneka ngati alandira, kapena atsetsereke kunja kudikira Furbank. Mukakhala okwana, wina amalowa wina n'kutsetsereka. Mukaperewera mmodzi, ndipo simunauzane kuti tsopano tonse tizitsetsereka, mmodzi amathamangira kutsogolo mnzake n'kutsalira, pakati pawo n'kutseguka khomo.

Atabwera kopuma Bath inasiya kuthamangira kutsogolo paliponse. Pafupi ndi ruck amakwera mwamphamvu, kunja amatsetsereka n'kumakankhira Saints ku mzere wa m'mbali, umene umagwira ntchito ngati wotchinga wa nambala 15. Amalola mamita asanu kapena khumi m'mphepete koma osabooledwa pakati.

Mbewe:
Pamenepo tikugwirizana. Koma mutchulenso Ben Spencer, scrum-half wa Bath, chifukwa kwa ine ndi amene anali katswiri wa tsikulo ngakhale mphoto inapita kwa Hendy. Timu yoperewera imafuna zinthu ziwiri: mpira ukhale kutali ndi mzere wake, ndipo masewero ayende pang'onopang'ono. Spencer anachita zonse ziwiri ndi phazi lake lamanzere. Pa ruck amaika anthu awiri atatu motsatana kuti otchinga asamufikire, amadikira woyimbira anene kuti augwiritse ntchito, n'kudya masekondi asanu onse amene lamulo limapereka, kenako n'kumenya box kick, mpira wokwera m'mwamba womenyedwa ali kumbuyo kwa ruck.

Box kick yabwino si yakutali. Imafunika mamita 20 mpaka 25, ikhale m'mwamba masekondi anayi kapena kupitirira pang'ono, igwe pafupi ndi mzere wa m'mbali, kuti wing wako afike nthawi imodzi ndi mpira. Ikatalika mamita khumi okha, Furbank akuulandira ali ndi malo othamangira, ndipo anthu 14 obalalika sangamuletse. Ikafupika, mwapereka mpira m'chigawo chanu chomwe. Muir ndi wamtali ndipo ndi mmodzi mwa odziwa kulimbirana mpira m'mwamba mu ligi yonse. Try yake inachokera pa phazi la Spencer lomwelo, mpira womenyedwa chopingasa kupita kukona umene a Saints analephera kuugwira bwino.

Gama:
Ndiye funso langa kwa otsatira Saints: n'chifukwa chiyani timu imene yagoletsa mosavuta chaka chonse inauma chonchija chigawo chachiwiri? Penate imodzi yokha mpaka mphindi za m'ma 70.

Nabanda:
Anagwa mu msampha umene timu ya anthu ochuluka imagwamo kawirikawiri. Ukadziwa kuti kunja kuli malo umafuna kufikako msanga, ndiye umaponya mpira m'mphepete usanamange otchinga pakati. Malo amapezeka kunja pokhapokha otchinga atakokedwa m'kati. Njira yake ndi yotopetsa koma yodziwika: nyamulani mpira pafupi ndi ruck katatu kanayi, mbali imodzimodzi, ruck iliyonse ithe m'masekondi atatu, kuti otchinga azizungulira ruck akuthamanga. Pa ulendo wachinayi kapena wachisanu mudzapeza prop wawo ataima moyang'anana ndi centre wanu, pamenepo ndiye tsegulani.

Saints amadumpha gawo limeneli. Wonyamula mpira amafika m'mphepete ali yekha, othandiza ali mamita asanu kumbuyo, Underhill kapena Hill n'kugwera pa mpira. Ukagwa ndi mpira wothandiza osafika m'sekondi imodzi kapena ziwiri, pali zinthu ziwiri zokha: uusiye autenge, kapena uugwiritse upereke penate. Penate iliyonse yotero imapatsa Russell mamita 40 a ulere, Bath imapuma, lineout ikubwera, maul ikudya mphindi ina. Masewero onse anayenda pa liwiro limene Bath imafuna.

Komanso mantha a fainolo analipo. Mipira ina inagwa m'manja popanda wowagunda. Timu imeneyi inaluza ma semi-final awiri otsatana, kwa Leicester mu 2022 ndi kwa Saracens mu 2023, ndipo ambiri mwa anyamatawa inali fainolo yawo yoyamba.

Kwenda:
Pa drop goal ya Smith ija, ena amati anataya mwayi wa try. Ine ndikuti anachita bwino kwambiri. Fainolo yatha ndi kusiyana kwa mapointi anayi. Popanda atatu amenewo, pa mphindi zomaliza Bath ikanangofuna penate imodzi kuti ipambane, ndipo Russell akanaimenya ali pakati pa bwalo. Chifukwa cha kusiyana kwa anayi inayenera kufuna try, ndiye Saints amatha kutchinga osaopa kwambiri wezulo. Conversion ya Furbank nayonso inali yolemera chimodzimodzi. 23-21 ndi masewero ena, 25-21 ndi enanso. Ndipo anaimenya munthu amene si womenya woyamba wa timu, Smith atatuluka.

Nangondo:
Mbali inayo, conversion ya try ya Muir imene Russell anaphonya inali ya kukona, palibe womudzudzula. Koma taonani mmene ikanasinthira mapeto: 25-23, penate ikukwanira.

Chisale:
Za mphindi zomaliza. Bath inagwira mpira maulendo ambiri motsatana, anthu 14 otopa, osalakwitsa, kulowa m'chigawo cha Saints. Chimene Hendy anachita pomaliza achinyamata achiphunzire. Sanadikire kuti munthu agwe kuti alimbirane mpira pansi, kumene woyimbira angathe kumuimbira kuti sanamusiye wogwetsedwayo kapena wagwira pansi ndi manja. Anautsomphola munthuyo akadali chiimire. Wonyamula mpira akakhala kuti wagwidwa ndi mnzako ndipo mawondo ake sanafike pansi, tackle sinathe, ulibe lamulo lokuuza kuti umusiye. Umalowetsa mkono pakati pa mpira ndi chifuwa chake, n'kupotoza ndi thupi lonse kulozetsa pansi, osati kukoka ndi manja okha. Chofunika kusamala n'chakuti mpira usagwere kutsogolo kuchoka m'manja mwako. Pa nthawi imene penate ikanapatsa Bath lineout pa mamita asanu, imeneyo inali njira yopanda ngozi.

Mnyamata yemweyo ndi amene anaboola pa try ya Mitchell, atachokera pa benchi. Ndipo onani kumene Mitchell anali: m'kati mwa wothamangayo, kumbuyo pang'ono, osamupitirira. Ambiri othandiza amathamanga mofanana ndi wonyamula mpira, mpira ukamaperekedwa n'kukhala wopita kutsogolo.

Mbewe:
Zonsezi zikundibwezera pa mfundo yanga ya poyamba. Pofika mu 2024, ku mipikisano ya Super Rugby ndi Rugby Championship anali akuyesa khadi lofiira la mphindi 20: wolakwayo sabwereranso, koma pakatha mphindi 20 timu imalowetsa wina. Lamulo limenelo likanakhalapo Loweruka, Bath ikanakwananso chigawo chachiwiri chitangoyamba kumene, Barbeary n'kubwerera. Obano walangidwa, komiti imuwonjezera masabata, koma anthu 22 enawo sanalakwe kanthu. Ndi fainolo yachiwiri yaikulu m'miyezi isanu ndi itatu. Ku Paris mu October 2023, pa fainolo ya World Cup, Sam Cane wa New Zealand anatuluka chigawo choyamba chifukwa cha tackle yake pa Jesse Kriel, New Zealand n'kuluza 12-11 kwa South Africa.

Nabanda:
A Mbewe, zitsanzo zanu ziwirizo zikutsutsa mfundo yanu. Anthu amati khadi lofiira limapha masewero. New Zealand inaluza ndi pointi imodzi, Bath ndi anayi itatsogola mpaka mphindi za m'ma 70. Ndi masewero ati amene anafa pamenepo?

Chifukwa chimene ndikukanira lamulo la mphindi 20 ndi cha ku bwalo la zokonzekera. Mphunzitsi wa zotchinga amafuna wogwetsa akhale chiimire pang'ono, agwire munthu ndi mpira womwe, kuti mpira usaperekedwe ndipo ruck ichedwe. Tackle ya m'miyendo ndi yotetezeka koma imasiya manja a wonyamula mpira ali omasuka. Ndiye mphunzitsi amayeza phindu ndi chilango. Chilango chikakhala ola lathunthu muli 14 pa fainolo, aphunzitsa anyamata kutsika. Chikakhala mphindi 20, kungoposa lachikasu ndi mphindi khumi, ena aona kuti n'chopiririka. Panopa osewera akale mazanamazana ali kukhoti ku England kusumira mabungwe a rugby pa nkhani ya kuvulala kwa ubongo. Ndipo RFU, bungwe loyendetsa rugby ku England, yatsitsa kale msinkhu wa tackle m'matimu a m'madera kuyambira July 2023, kuti izikhala kumunsi kwa fupa la pachifuwa. Simungauze ana kuti atsike pamene akuluakulu a pa TV mukuwapeputsira chilango.

Gama:
Pakati pa awirinu pali njira ina imene inagwira ntchito ku World Cup ya 2023: woyimbira amapereka lachikasu, wina wa pa kanema kunja kwa bwalo n'kukhala ndi mphindi zisanu ndi zitatu zoonera bwino ngati likwere kukhala lofiira. Cane zinamuchitikira choncho. Sizisintha chilango, koma zimachotsa chigamulo pamaso pa chikhamu chimene chikukuwa, ndipo masewero saima nthawi yaitali.

Mbewe:
Imeneyo ndingailandire. Koma pa Obano mwina akanafika pa lofiira lomwelo, chifukwa mafunso ake ndi omwe aja a achemwali.

Nangondo:
Otsatira Saints akudziwa ululu umenewu kuposa wina aliyense. Mu fainolo ya 2013 kaputeni wawo Dylan Hartley anapatsidwa lofiira ndi Wayne Barnes chigawo choyamba chikutha, chifukwa cha mawu achipongwe, ndipo Leicester inapambana 37-17. Hartley anali hooker, ndiye nawonso anayenera kutulutsa munthu wina kuti mzere wakutsogolo ukwane. Kusiyana kwa 20 tsiku limenelo ndi kusiyana kwa 4 Loweruka kukusonyeza ntchito imene Bath inagwira. Chaka chotsatira Saints anabwerera n'kugonjetsa Saracens 24-20 pa nthawi yowonjezera, try yomaliza ya Alex Waller. Waller yemweyo anayamba pa loosehead Loweruka, masewero ake otsiriza asanapume.

Kwenda:
Ndipo apa mpamene ndikudera nkhawa Saints chaka chamawa. Lawes akupita ku Brive, Lewis Ludlam ku Toulon, Alex Moon ku Bayonne, onsewa ndi matimu a ku France, ndipo Waller wapuma. Onsewo ndi akutsogolo. Akumbuyo odalirika atsala, ndipo ndi ana: Smith ali ndi zaka 22, Freeman 23. Koma masewero a mphunzitsi Sam Vesty amadalira mpira wofulumira, ndipo mpira wofulumira umachokera kwa anthu amene akuchokawo. Lawes chaka chino amaba mipira pa ruck, amadumpha pa lineout, amagwetsa, zonse pa nambala 6, ali ndi zaka 35. Mkulu wa aphunzitsi Phil Dowson sangapeze munthu mmodzi wochita zonsezo. Ayenera kuzigawa kwa Coles ndi Tom Pearson, ndiye lineout itaya wodumpha mmodzi wodalirika.

Chisale:
Bath ndiye ili pabwino. Mu 2022 inathera pansi penipeni pa ligi, van Graan n'kubwera kuchokera ku Munster chaka chomwecho. Patha zaka ziwiri yamaliza ndi mapointi 60 ofanana ndi Saints, yachotsa Sale 31-23 pa semi-final, yafika fainolo yoyamba chichokereni mu 2015. Pofika June 2024 chikho cha ligi inali isanachione kuyambira 1996, koma msana wa timu, du Toit, Ewels, Hill, Underhill, Spencer, Russell, Ollie Lawrence, ulipobe.

Chimodzi chimene ayenera kukonza ndi chomwe tayamba nacho. Timu iliyonse imayeserera kusewera ndi 14, koma kawirikawiri imayeserera mphindi khumi za khadi lachikasu mzere utakhazikika kale. Chovuta ndi mphindi zisanu zoyamba: ndani akuitana kuti tasintha katchingidwe, ndani akutenga malo a wotulukayo pafupi ndi ruck, wing wa mbali yopapatiza akwere kapena atsalire. Zimenezo ziyenera kukhala mawu amodzi amene kaputeni akunena woyimbira akadali ndi khadi m'manja.

Gama:
Kumbukiraninso kuti kuyambira pa 1 July 2024 malamulo atatu akusintha, ndipo awiri akukhudza zimene takambazi. Pa free kick sipadzakhalanso kusankha scrum, ndiye timu imene yapeza mdani ali ndi anthu asanu ndi awiri mu scrum yataya njira imodzi yomufinyira. Kupotoza munthu pa ruck momugwira pathupi n'kumugwetsera chammbali, kumene kwathyola mawondo ambiri, kwaletsedwa, ndiye anthu ngati Underhill adzavuta kwambiri kuwachotsa akagwera pa mpira. Wothandiza adzayenera kufika msanga n'kulowa pansi pa chifuwa chake asanakhazikike. Lachitatu ndi la offside pa mipira yomenyedwa: amene ali kutsogolo kwa womenya ayenera kubwerera m'mbuyo, sangangoima kudikira kuti wolandira athamange mamita asanu kapena apereke mpira.

Nabanda:
Lachitatulo lipindulira Furbank kuposa wina aliyense mu ligi. Mpira wautali ukamenyedwa, akutsogolo a mdani azikhala akubwerera m'malo moima ngati mpanda pakati pa bwalo, ndiye wolandira adzakhala ndi mamita 15 kapena 20 oti ayambe kuthamanga. Box kick ya Spencer silikhudzidwa kwenikweni, chifukwa othamangira mpira wake amayambira kumbuyo kwa phazi lake kale. Amene avutike ndi matimu omenya mipira yaitali pakati pa bwalo n'kumadikira.

Mbewe:
Tiziona msanga zimenezo, England ikusewera ndi Japan pa 22 June 2024, kenako, malamulo atsopanowo atayamba, ndi New Zealand pa 6 ndi pa 13 July. A Kwenda, inu mukuona mphunzitsi wa England Steve Borthwick ayambitsa Fin Smith pa 10 kapena Marcus Smith? Mitchell pa 9 ndi Furbank pa 15 ndiye palibe mkangano, ndipo kwa ine zimenezo zikukokera kwa Fin, chifukwa atatuwo amadziwana kale mayitanidwe.

Kwenda:
Marcus, chifukwa cha zimene anachita pa Six Nations ndi drop goal ija yogonjetsera Ireland 23-22. Fin akhala pa benchi. Koma amene ndikufuna aone malo ndi Underhill pa 7, ndi Spencer ngati wachiwiri kwa Mitchell. Ku Dunedin ndi ku Eden Park mphindi 20 zomaliza zidzafuna munthu womenya box kick ya mamita 22 igwe pamene akufuna.